Masiketi a Nasingano

Ndine ndinamuphunzitsa kusoka mwana wa mlongo wanga, amene timamutcha Nasingano, ndipo makina ake oyamba ndinamupangira ndekha ndi tcheni cha njinga. Bodza limenelo. Ine ngakhale ulusi sinditha kulowetsa pasingano.

Nasingano ndi telala, amasokera pakhonde la golosale. Chiyambire utsikana, ntchito yake ndi ya pampando: kupalasa makina m'mawa mpaka dzuwa kulowa, botolo la chakumwa chotsekemera lili pambali. Thupi linabwera mosaumira, moti mpando unkayamba kulira mwiniwake akadali kumsewu. Iye analibe nazo ntchito, mwamuna wakenso ankati zili bwino choncho. Chomwe chinkamudya mumtima ndi china. Zaka zinkapita ali pabanja, akusokera ana a eni ake timadiresi, wakewake osabwera. Kumwezinso ankapita mwa apo ndi apo.

Kuchipatala atamupima, namwino anamufotokozera kuti mafuta a m'thupi sangokhala phee ngati katundu. Amatulutsa timadzi totchedwa mahomoni, tomwe timatumiza uthenga ku ubongo ndi kumene kumakhwimira mazira. Mafutawo akachulukitsa, kapena akachepetsa, uthengawo umasokonekera, dzira osakhwima pa nthawi yake. Sanamulonjeze mwana ayi. Anangoti kutsikako thupi pang'ono kumathandiza amayi ambiri, ndipo bambo akunyumba nawonso abwere adzapimidwe.

Nasingano anayamba kupita kuntchito wapansi, minibasi n'kumazisiya zidutse. Makondakitala anaonda ndi chisoni, ena mpaka anasiya ntchito. M'botolo muja munalowa madzi. Masiketi atayamba kukhwepa anawabweza m'chiuno, koma nsalu yotsalayo sanaidule ngati momwe amachitira ndi zovala za makasitomala. Ankaipindira m'kati. Mwamuna wake atafunsa chifukwa chake, iye anangoti nsalu yakwera mtengo masiku ano, maso ali pamakina.

Miyezi inapita, kumwezi kunayamba kuyenda mwadongosolo, kenaka kunasiyiratu. Tsiku lina mwamunayo anamupeza akumasula msoko wa siketi yake yabuluu uku akuimba chapansipansi. Bamboyo anangokhala pansi pomwepo, pamulu wa zidutswa za nsalu.

Panopa pathupi paonekera, ndipo kusikelo akuti zonse zili bwino, bola azipimitsa shuga. Sabata yatha ndinapita pakhonde paja ndi buluku langa. Ndinawauza makasitomala kuti amene ankamuperekeza ulendo wonsewo ndine, mvula ndi dzuwa lomwe, mpaka nsapato zinatha zidendene. Ndinati ndaonda moti mphepo ikawomba ndimagwira mtengo, n'chifukwa chake bulukulo ndabwera nalo kuti alichepetse.

Nasingano anadzuka pang'onopang'ono, dzanja lili kumsana, n'kundizunguliza tepi m'chiuno.

"Amalume, si inu munkandibayibitsa pawindo la minibasi? Bulukuli likufunika kuwonjezera nsalu. Kwezani manja, ndipo musabweze mimbayo."