Mwala wa Netiweki ku Kasakula

Ndinaganiza zopita ku Joni nditatopa ndi kuzungulira ndi masatifiketi m'maofesi a ku Lilongwe. Amayi sanandiletse, anangofunsa kuti ndikukagwira ntchito yanji. Ndinawauza kuti ndizikayang'anira seva, kompyuta yaikulu yosunga mbiri ya odwala a zipatala zingapo. Ikaima, dokotala sangaone mankhwala amene wodwala akumwa.

"Ndiye kuti ukakhala mlonda," anatero. "Pita, Tadala, koma uzikadya."

Ntchito yake inalidi yaulonda: kuona ngati seva ikuyankha msanga, ngati malo osungira sanadzaze, ngati makope a dzulo asungidwa bwino. Ikangoyamba kuchedwa, foni yanga inkalira. Ndalama yotumiza kumudzi inkapezeka, koma ndinkatha sabata yathunthu osayankhula Chichewa, mpaka Lamlungu amayi akandiimbira foni atachoka kutchalitchi.

Chaka chatha ndinabwera kwathu ku Kasakula ku ukwati wa mng'ono wanga. Mnzanga amene ndinamusiyira ntchito anadwala, ndipo m'mawa wina uthenga unalowa movutikira: malo pa seva atsala pang'ono kudzaza. Ndikachedwa, odwala akhala pamzere popanda thandizo. Ndinatsegula laputopu pakhonde, intaneti osagwira. Ndinazungulira bwalo lonse foni ili m'mwamba.

"Pano sungaipeze netiwekiyo," anatero amayi. "Nyamula makina akowo, tiye."

Tinadutsa m'munda wa soya n'kuyamba kukwera phiri la kuseri kwa nyumba, iwo patsogolo ndi ndodo. Ankaimaima, atagwira bondo. Pamwamba, pansi pa mtengo wa msuku, panali mwala wathyathyathya. Nditangokhalapo, netiweki inadzaza. Ndinasamutsa mafayilo akale mpaka zofiira zonse pa sikirini zinasanduka zobiriwira.

Ndipamene ndinayang'ana kumene tachokera. Kanjirako kanali kopondedwa bwino, ndipo kankathera pakhomo pathu pokha.

"Amayi, mumakwera kuno Lamlungu lililonse?"

"Nanga ndikanakumva bwanji? Kukagwa mvula ndimangovula nsapato." Anasuzumira pa laputopu. "Makina akowo achira?"

"Achira, amayi."

"Ndiye tseka." Anasuntha n'kukhala pafupi nane, phewa lawo litagunda langa. "Tisatsike msanga. Pamwala pano ndinazolowera kumva mawu ako okha. Lero ndikuoneko ndi nkhope yomwe."