Agalu Onenepa a ku Mongue

Inu amene mwatopa ndi mwana wokana kudya, khalani pansi mumve za Januária.

Mtendere utabwera, Januária anachoka kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi, n'kuwoloka mtsinje wa Ruo, mtolo pamutu, mwana kumsana. Mwamuna wake anatsala kutsidya komweko, m'manda. Kwawo ku Mongue anapeza nyumba itagwa, munda uli tchire lokhalokha, ndipo anthu ankaopa kupondamo chifukwa cha mabomba okwirira.

Mwanayo, Tamanda, anabadwira kukampu. Pakamwa pake panazolowera phala la likuni limene ankagawa kumeneko, koma kuno wogawa kunalibe. Phala la mgaiwa ankalilavula. Zaka ziwiri zinakwana asanaimirire n'komwe. Tsitsi linafiira, miyendo ngati mapesi. Ngakhale kulira anasiya, ndipo mayi aliyense amadziwa kuti mwana wosalira ali panjira yanji.

A Bernardina, mchemwali wa malemu mwamuna wake, anali ndi nzeru zawo.

"Muzimupatsa bolasha, alamu. Ana a m'tauni ku Milange amadya zomwezo."

Bolasha n'chiyani? Ufa ndi shuga zovekedwa pepala lonyezimira. Mwana amanyambita, njala n'kugona, thupi osalandira kanthu. Ndipo wogulitsayo kumaliro simumuona.

Tsiku lina Januária anakhala pakhonde, manja m'khosi, nzeru zitamuthera. Pabwalo panadutsa galu. Galu wonenepa, ubweya wosalala, m'mudzi momwe munalibe wotaya ngakhale mkute. Januária anaitana a Bernardina.

"Alamu, galu uyu akudya kwa ndani?"

"Mwana ali gone, inu mukufunsa za galu? Mutu ukuyenda bwino?"

Koma funsolo linamukanirira ngati chitedze. Kutacha anamulondola galu uja, akuponda m'njira yodutsa anthu yokha. Anafika pabwinja la sitolo ya Mpwitikizi wina amene anathawa kalekale. Kuseri kwake kunali mitengo ya mapeyala, zipatso zitayoyoka pansi, agalu a mudzi wonse akunyambita mpaka nthanga.

Sikuti anthu sankaidziwa mitengoyo. Amene anatsala kuno nthawi ya nkhondo, monga a Bernardina, anadya mapeyala m'tchire mpaka kunyansidwa nawo. Ankati n'chakudya cha mavuto, ndipo mavuto anatha.

Januária anathyola ake mumtengo, nawavundika mpaka kufewa. A Bernardina atawaona anagwira pakamwa.

"Mwana wa achimwene adye za agalu?"

"Galuyo ndi mwanayu, wonenepa ndani?"

Koma nayenso Tamanda sanavomere. Supuni ikayandikira, ankaluma mano n'kutembenuza nkhope. Apa ambiri akanasiya. Januária anangodabwa: bwanji bolasha amadya? Atayang'anitsitsa anaona kuti bolasha palibe amene amamudyetsa, amagwira yekha. Mwanayo sankadana ndi chakudya ayi, ankadana ndi kukakamizidwa.

Ndiye anamusambitsa m'manja, nadula peyala tizidutswa totalika ngati chala, naika pambale, iye n'kumayang'ana kumbali ngati alibe nazo ntchito. Tamanda anafinya kachidutswa, nadzipaka kumaso. Kenako ananyambita zala. Kenako anatolanso kena.

Kuyambira pamenepo Januária anasanduka munthu wa mafunso. Nanga nthochi yakupsa? Inalowa. Papaya? Mwana anaponyera nkhuku, koma tsiku lina anadya. Mtedza wathunthu ungamutsamwitse, choncho ankausinja n'kugubuduzamo timibulu ta mbatata yophika. Za dzira a Bernardina anati limayambitsa khunyu. Januária anayenda wapansi mpaka kuchipatala kukafunsa anamwino, ndipo anabwerako n'kuwiritsa dzira alamu akewo akuona. Nyengo ya mapeyala itatha, dzungu linalowa m'malo. Pang'onopang'ono, pafupipafupi, pakati pa chakudya cham'mawa ndi chamasana, kenanso dzuwa likapendeka. Phala lija nalonso linayamba kulowa.

Masiku ena mwana ankakana zonse, mayi n'kukalirira kuseri kwa nyumba. Kukacha ankayambanso.

Amayi ena amene ankamuseka anayamba kubwera mozemba, ati kudzapempha moto, maso ali pambale ya mwana. Januária ankawauza zonse, osabisa kanthu.

Mvula itayandikira, a Bernardina anakhala pamphasa akudya mbatata. Tamanda anagwira khoma, nadzikoka, naima. Anaponya phazi, naponyanso lina, natsomphola mbatata m'manja mwa azakhali ake.

"Alamu, kamwana kanu kayamba kuba."

"Kasiyeni kabe. Wakuba amafunika miyendo."

A Bernardina anaseka, misozi ili m'masaya, nanyema mbatata ina n'kumuonjezera.

Tsono inu, musamati ndilibe kanthu musanazungulire pakhomo panu. Funsani, ngakhale akuneneni wamisala. Mwana akakana lero, mawa muikireninso. Okusekaniwo sadzakuthandizani kukumba manda. Mtima musautaye ayi.