Bambo anga anali munthu wachikhumi

Fungo la dothi lonyowa m'mwezi wa Okutobala limandikumbutsabe nazale ya fodya pa esiteti ina kufupi ndi Chamama, kumene tinkakhala ndili ndi zaka khumi. Dziko lonse linkakhala louma gwa, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Ponyowa panali pa mabedi a mbande pokha, m'mbali mwa dambo. Bambo anga anali tenanti. Tinachokera ku Phalombe pa lole, ndipo chitsikireni, kutuluka pa geti kunkafuna chilolezo cha akapitawo.

Ife tinali Ayuda. Anzanga ankaseka kuti Myuda wanji wolankhula Chilomwe, koma ine sindinkaona choseketsa. Mpingo wathu unali wochepa zedi, ndipo unkakumana ku boma, m'nyumba ya a Nkhoma, aphunzitsi a pulayimale omwe ankatitsogolera. Mwambo wathu umati mapemphero aakulu sachitika popanda amuna khumi. Chaka chimenecho mmodzi anasamutsidwira kumpoto pantchito, ndipo anatsala khumi ndendende, bambo anga ali momwemo.

Tsiku la Chitetezo linayandikira, tsiku limene sitidya, sitimwa, sitigwira ntchito iliyonse. Koma mbande sizidziwa tsiku loyera. Zinkafuna madzi m'mawa ndi masana, ndipo kudumphitsa tsiku limodzi m'dzuwa limenelo kunali kuziotcha. Amayi anali ndi pakati potopa, ine keni yothirira yodzaza sindinkatha kuinyamula, anansi nawo anali ndi mabedi awo. Bambo anapita kukapempha, chipewa chili m'manja, ine ndikutsatira pambuyo.

"Mukapita, a Makwinja, mutengeretu katundu wanu," anatero akapitawo osadzutsa n'komwe mutu.

Kwathu kunalibe munda woti n'kubwererako. Bambo anatumiza uthenga ku boma kudzera mwa wakabaza kuti sabwera. Ndinkawamvera chisoni, komanso ndinkawakwiyira, osadziwa kuti ndikwiyire chiyani kwenikweni.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tsikulo lifike, masana, tinaona fumbi panjira. Anali amuna asanu ndi anayi aja pa njinga, akazi awo kumbuyo, mikeka, zigubu, mabuku okulungidwa m'nsalu ndi nyanga ya nkhosa yoimbira. Akapitawo anawaimitsa pa geti.

"Bwana, mwati iwowa asatuluke," anatero a Nkhoma mwaulemu wonse. "Ife kulowa simunaletse."

Akapitawo anakanda mutu n'kutsegula. Alendo anasesa chigafa chathu, chomwe nyengo imeneyo chimakhala chopanda fodya, n'kuyalamo mikeka. Munkanunkhabe fodya wa chaka chatha, ndipo a Nkhoma anayetsemula mpaka misozi.

M'mawa amuna anafunda nsalu zawo zoyera, mapemphero n'kuyamba. Dzuwa linakwera. Ine maso anga anali pa bambo, omwe pakamwa pankatsatira mawu koma khosi likungokhotera kudambo. Kenako anavula nsalu yawo, anaipinda bwinobwino, n'kundipatsa. Anatenga makeni awiri pakhomo la chigafa, onse akuona.

A Nkhoma anasiya kuwerenga. Anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma la udzu, ndipo ena onse, amuna ndi akazi, anachita chimodzimodzi. Kwathu munthu amafulatiridwa akachita chonyansa.

Ndinaima pakhomo nsalu ili m'manja, ndikuonerera bambo akutsika ndi kukwera. Milomo yawo inali itang'ambika. Madzi ankawathira m'miyendo, ankawatsika m'zigongono, koma ngakhale dontho silinafike pakamwa pawo. Anatenga nthawi yaitali, ndipo anthu aja anangoima chilili m'kutentha kumeneko, a ludzu, osacheuka. Bambo atabwera, anafundanso nsalu ija. A Nkhoma anatembenuka, anayendetsa maso pagulupo, n'kunena kuti, "Takwana." Anapitiriza pomwe analekezera. Masana zinachitikanso chimodzimodzi.

Dzuwa litalowa analiza nyanga ija, tinamwa thobwa, anthu akukumbatirana. Kutacha alendo anakwera njinga zawo n'kutuluka. Geti linatsekedwa, ife tinatsala mkati zaka zina zitatu.

Ndinakula ndikudana ndi a Nkhoma. Ndinkati anayenda ulendo wonsewo kudzachititsa manyazi munthu wopanda kothawira. Ndinawauza zimenezi pa maliro a bambo, ndili kale mayi wa ana awiri, iwo atakalamba mpaka kuyenda ndi ndodo.

"Mwanawe," anatero, "tikanaona, tikanayenera kunenapo kanthu. Ndiye sitinaone."