Felton ndi Matiresi a Apongozi

Ku Area 3, kunja kwa mpanda wa khoti, pali mtengo womwe pamthunzi pake pamakhala amuna odikira ganyu. Pakati pawo pali wina wa jekete lakuda lomwe savula ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Ameneyo ndiye Felton Chikaonda. Mukamufunsa ntchito yake, amayamba wakonza kolala kenako n'kunena kuti ndi wa kwa sherifu.

Sikuti amanama kwenikweni ayi, amangolekeza nkhani panjira. Khoti likagamula kuti wakutiwakuti atuluke m'nyumba, woweruza sapita yekha kukasenza mipando. Imeneyo ndi ntchito ya ofesi ya sherifu, ndipo Felton amaifotokoza ngati makwerero. Pamwamba pali sherifu wamkulu, yemwe iye sanamuonepo koma amamutchula ngati ankaweta limodzi mbuzi. Pansi pake pali omuthandiza, amene amayenda ndi chikalata cha khoti. Kenako apolisi operekeza, oletsa zibakera. Akafika pamenepa amatsokomola n'kusintha nkhani, chifukwa pansi pa apolisi pali lole, ndipo pansi pa loleyo ndiye pali iyeyo: wonyamula katundu, woitanidwa ndi likhweru.

Kwawo ndi ku Mitundu. Atafika m'tauni anayamba ndi wilibala mumsika wa Old Town, kenako ulonda ku City Centre, komwe anamuchotsa atazindikira kuti tulo take n'tolemera kuposa geti lomwe ankalondera. Jekete lija anatola pakaunjika tsiku lomwe anakwera lole ya asherifu koyamba, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale kayendedwe kake kanasintha.

Madzulo ankakhala pabenchi ya Sumaila, telala wa ku Malangalanga, n'kumaphunzitsa anthu zamalamulo. Mawu ake okondedwa anali akuti lamulo lilibe m'bale. Ankasimba za mafiriji a mabwana omwe anatulutsa ndi manja ake, anthu akulira, iye osaphethira. Anzake a palole akanakhalapo akanakuuzani zina: Felton ankathamangira mapilo ndi makatani, n'kuima pambali kumalangiza osenza firiji kuti apendeke bwanji.

Mkazi wake Efelo, yemwe ankakhala naye m'kachipinda kamodzi ku Mchesi, ankadziwa zonse koma anatopa n'kuyankhula. Amene sankadziwa ndi apongozi ake, Mayi Eliness, ophika pa nyumba ina ku Area 14. Iwo anauzidwa kuti mkamwini wawo amakhala padesiki, ndipo ali ndi chidindo chakechake. Felton sanapondeko komwe apongoziwo ankagwira ntchito. Ankati ndi ulemu, poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Mwambo umenewu ankausunga kuposa aliyense mu Lilongwe, chifukwa unkamusungira bodza lake.

Lachitatu lina m'mawa likhweru linalira. Amene ankatsogolera ulendo anali a Harold, wothandiza sherifu, munthu wa ku Rumphi wosakweza mawu. Iwo sanena komwe lole ikupita mpaka itaima, kuopa kuti onyamula katundu angatsine khutu eni nyumba. Tsikulo anamuitanira Felton pambali n'kumuuza kuti za mapilo azimva, ndipo akangozembanso ntchito kamodzi, lole asadzaikwerenso. Pansi pa mtengo paja panali amuna ambiri amisana yabwinobwino.

Lole inaima pa nyumba ina ku Area 14. Mwini nyumbayo anamwalira, ana ake anakokerana kukhoti, ndipo khoti linapereka nyumba kwa wamkulu. Wamng'ono, yemwe ankakhalamo, anayenera kutuluka pamodzi ndi onse a mumpandamo, antchito omwe.

"A Chikaonda," anatero a Harold, "poti inu mumakonda zopepuka, katulutseni za m'kanyumba kakuseriko. Nokha."

Felton anapita akuimba mluzu. Atakhota pakona, mluzuwo unathera pakamwa. Pakhonde la kanyumbako panakhala mayi atagwira tsaya, atavala chitenje chomwe Felton mwini anagulira apongozi ake pa Khirisimasi.

Anabwerera kuseri kwa khoma. Mkamwini kulowa kuchipinda kwa apongozi, n'kugwira pogona pawo, ndi nkhani yosonkhanitsa ankhoswe, mwinanso yothetsa banja. Koma kukana kunali kutsanzikana ndi lole, ndipo jekete lopanda lole ndi kaunjika chabe. Anasuzumira kumaso. A Harold anali chiimire, akuyang'ana mbali yomweyo.

Nzeru inamufikira, ya mtundu wake womwewo. Anatola katani pamulu wa katundu, n'kudzikulunga kumutu ngati woopa fumbi, n'kudutsa pakhondepo cham'mbali ngati nkhanu. Analowa, anatseka maso ngati kutseka masoko kuchepetsa mlandu, n'kusenza matiresi. Matiresiwo anapindikira uku ndi uku n'kumuphimba mpaka m'chiuno. Anatuluka akudziyamikira mumtima kuti m'dziko muno ochenjera ndi ochepa.

Anaiwala kuti munthu wogwira tsaya amayang'ana pansi.

"Nsapato za malemu bambo ake a Efelo izo," anatero Mayi Eliness, osadzuka n'komwe. "Ndinazipereka ndine pogawa zovala. Zikukukwanani bwino, bambo?"

Matiresi anaima.

"Ndiye chidindo chija n'chimenechi mwasenzachi?"

Felton anachita zomwe mkamwini aliyense woleredwa amachita: anagwada. Anagwada ndi matiresi ali pamutu, n'kuyamba kuwomba m'manja m'katimo, moti anzake a palole atabwera anapeza matiresi akupereka moni kwa mayi wachikulire. Wapolisi mmodzi anachita kutsamira khoma.

A Harold sanaseke. Anafunsa mayiwo mwaulemu ngati ali ndi koti katundu wawo apite, popeza pamsewu sangagone.

"Kwa mwana wanga ku Mchesi," anayankha. "Njira akuidziwa asherifuwa."

Ankhoswe sanaitanidwe. Mayi Eliness anati palibe chifukwa chovutitsira anthu, mlandu autha okha. Anayala matiresi awo m'kachipinda kaja, pafupi ndi mwana wawo, ndipo poti mkamwini sagona chipinda chimodzi ndi apongozi, wotuluka anadziwika popanda womutchula. Felton anafuna kudandaula, koma Efelo anamukumbutsa kuti mwambowu wakhala akuulalikira yekha zaka zonsezi.

Lole akukwerabe, ndipo masiku ano amasenza mafiriji enieni, chifukwa a Harold amamuyang'anitsitsa. Pogona pake ndi pabenchi ya Sumaila, jekete lija ndilo pilo. Za makwerero a ofesi ya sherifu amafotokozabe akapeza mlendo. Koma akangofika pa mawu aja akuti lamulo lilibe m'bale, Sumaila amaimitsa makina n'kufunsa, ngati munthu wofunadi kuphunzira, kuti kodi pomutulutsa ku Mchesi apongozi anabwera ndi apolisi angati.