Mchira wa kavalo wa malemu amuna anga

Linali Loweruka, belu la ku sukulu ya mishoni litangolira la masana. Ndinkachokera kunyanja ndi dengu la chinangwa chovuula pamutu, ndipo pabwalo la ku Kande anyamata ankavina malipenga. Kutsogolo kwa mzere kunali alamu anga, mng'ono wake wa malemu amuna anga, atavala kabudula woyera, akugwedeza litchowa loyera. Nditangoliona litchowalo ndinatula dengu pansi. Ndinalidziwa.

Amuna anga anakhala zaka zambiri ku Bulawayo akusamala akavalo a mzungu wina. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuimba vayolini, chida cha zingwe zinayi chimene amachikhwekhweza ndi uta. Utawo sukhala ndi chingwe ngati wa kaligo, umakhala ndi tsitsi la kumchira kwa kavalo. Kuno kwathu kulibe kavalo, ine sindinamuonepo ndi maso. N'chifukwa chake pobwerera kumudzi anabwera ndi mtolo wa tsitsilo, woti udzawakwanire mpaka ukalamba.

Tinkalisankha tili awiri pakhonde. Ine ndinkagwira nsonga, iwo n'kumadutsitsa tsitsi limodzilimodzi pakati pa chala ndi chikhadabo. Lopindika, kutaya. Lonenepa kuno n'kuwonda uko, kutaya. Lachikasu ankati ndi la kavalo wamkazi, lawola ndi mkodzo, silichedwa kuduka. Ankafuna loyera, lalitali kuposa mkono, lokhakhala pang'ono kuti ligwire utomoni umene amapaka pa uta kuti zingwe zilire. Ndikatopa ndinkati, "Ada, tsitsi ndi tsitsi basi." Iwo ankaseka, amvekere, "Nanga bwanji iwe pamsika sutola chambo chilichonse?" Pa mtolo wonse uja panatsala kamtolo konga chala chachikulu. Tinakaika m'nsungwi pamodzi ndi masamba a fodya kuti njenjete zisadye.

Chifuwa chinawagwira uta wawo utathothoka kale. Ankati akachira amanga tsitsi latsopano. Sanachire.

Maliro atatha abale awo anabwera kudzagawana katundu. Jekete linapita, njinga inapita, chipewa ndi nsapato zomwe. Vayolini anaisiya, akuti chinthu chosalira n'chantchito yanji. Nsungwi ija anainyamula alamu. Ndinawauza pamaso pa anthu kuti m'menemo muli mawu a vayolini, ndipo mphunzitsi wina wa ku Bandawe, amene ankaimba ndi malemu, wavomera kundimangira uta. Alamu anati angosunga, abweza. Ndinapitako kangapo kukapempha, nthawi zonse ankati mawa.

Tsono tsiku lija ndinalowa pabwalo ng'oma zikulira. Mkazi salowa mumzere wa malipenga, ine ndinalowa. Ndinagwira litchowa lija ndi manja onse.

"Alamu, mwatani? Anthu akuona," anatero alamu, akuyesa kumwetulira.

"Aone. Ichi mwachitenga kuti?"

"N'cha akulu anga. Cha akulu anga n'changa."

"Ndani anakuuzani kuti mudule?"

Analidula pakati kuti litchowa lioneke lonenepa, n'kulimanga ndi waya pakamtengo. Analipakanso mafuta kuti liziwala. Tsitsi lopaka mafuta siligwira utomoni, limangoterereka pa zingwe osatulutsa mawu. Zimenezi ngakhale ine wosapita patali ndi sukulu ndinkazidziwa.

"Ndi mchira chabe, alamu," anatero. "Mukulirira mchira?"

Wina mumzere anaseka, nati amayiwa akufuna kukhala kingi wa gule. Sindinamuyang'ane. Ndinakoka mpaka alamu anasiya, ndinatola dengu langa n'kumapita. Ng'oma zinayambiranso ndisanafike n'komwe pamsewu.

Akulu a mpingo anandiitana. Anati ndachititsa manyazi banja, mayi wamasiye ayenera kudzichepetsa, ndikapepese. Ndinafunsa ngati alamu nawonso awaitana. Anayang'anana. Mmodzi anati nkhani ya ubweya wa nyama siyoti n'kudanitsa abale. Anthu omwewo ndi amene ankaitana amuna anga kuti adzaimbe pa maukwati a ana awo, osawapatsa ngakhale nkhuku. Sindinapepese.

Tsitsilo ndinalitsuka ndi sopo ndi madzi a phulusa, kulitsuka ndi kulitsukanso, n'kuliyanika pamthunzi. Kenako ndinakhala pakhonde pomwe paja n'kuyamba kusankha ndekha, nsonga nditaipanikiza ndi chala cha kuphazi popeza panalibe wondigwirira. Lambiri linali litapindika ndi waya, lina litathyoka ndi kugwedeza kuja. Chilichonse chimene ndinkataya ndinkawatukwana alamu mumtima. Lotsalalo ndinapita nalo ku Bandawe wapansi.

Mphunzitsi uja analiyeza pa uta wa malemu napukusa mutu. Silinafike ngakhale pakati. Anati uta umenewo sudzaliranso pokhapokha wina abwere ndi mchira wina kuchokera ku Rhodesia, ndipo ine ndilibe wondibweretsera. Anandisemera kauta kakafupi ka nsungwi, n'kumangapo tsitsi lija.

Kautako kamalira, koma mawu ake ndi aafupi, amatha msanga ngati munthu wa befu. Nyimbo zimene ankaimba amuna anga sizingatheke, ndiponso ine sindidziwa kuimba. Alamu akadutsa pakhomo panga amapereka moni, ine ndimayang'ana ntchito yanga. Litchowa anapeza lina la mchira wa ng'ombe, akuvinabe.

Uta wautali uli pakhoma wopanda tsitsi. Lamulungu lililonse ndikabwera kutchalitchi ndimatsitsa vayolini, ndimapaka utomoni pa kauta kaja, ndimakhwekhweza chingwe chimodzi kwa kanthawi, kenako kautako ndimakasunga m'nsungwi ina pamodzi ndi fodya watsopano.