Liwiro la Sitima ya Ababa

Ndimakonza mafoni pa Mangochi boma, m'kakontena ka pafupi ndi depoti. Ntchitoyi ndaigwira nthawi yaitali moti funso la kasitomala watsopano ndimalidziwa asanatsegule pakamwa. Amasuzumira mkati, kuyang'ana kuseri kwanga, kenako n'kufunsa kuti, "Abwana atuluka?" Ndikamuuza kuti abwanawo ndine ndemwe, wina amabweza foni yake m'thumba. Ndine wapsamtima, sindibisa, koma zimenezi ndinkazipirira chifukwa cha munthu mmodzi, ababa anga. Ndiwo anandigulira kachitsulo koyamba kowotcherera mawaya, ndipo munthu akayerekeza kunena pamaso pawo kuti mtsikana ndi mawaya n'zosayenderana, ankamuyankha mpaka kusowa polowera.

Ababa anabadwira ku Mozambique. Nkhondo isanawathamangitse ankayendetsa sitima pa njanji ya pakati pa Cuamba ndi Lichinga. Anawolokera pa Chiponde wapansi ine ndisanabadwe, n'kukhazikika ku Namwera, kumene akhala akulima fodya ndi chimanga. Kwathu kulibe njanji, ndipo za sitima sankazikamba kawirikawiri.

Chaka china achimwene anga, amene amagwira ntchito ku Joni, anabwera kudzadya Idi atanyamula chikatoni. Abwana awo anali atamwalira, ndipo mayi wamasiyeyo anawapatsa sitima yaing'ono imene malemuwo ankasewera nayo. Munali mutu wa sitima wotalika ngati mkono wa khanda, mabogi asanu ndi atatu, njanji zolumikiza, ndi rimoti ya waya yokhala ndi kasikirini ndi chopotokola. Tinayala zitseko ziwiri zakale pa njerwa m'chipinda chosungiramo fodya, n'kulumikiza ku batire ya sola. Achimwene atapotokola, kasitimako kanaliyatsa liwiro, kuzungulira osaoneka bwino n'komwe. Tonse tinaseka kupatula ababa.

"Iyi si sitima," anatero. "Ndi khoswe."

Achimwene atabwerera ku Joni, ababa anandiimbira foni. Iwo amanditchula kuti mayi, chifukwa ndinatengera nkhope ya amayi awo. "Mayi, kodi chinthu chija sungachiphunzitse kuyenda?"

Ndinatenga kabuku ka malangizo n'kukawerenga masiku atatu, uku ndikusintha masikirini a anthu. Ndinapeza kuti m'kati mwa mutu wa sitimayo muli kachipangizo kochepa ngati memori ya foni, kamene kamasunga manambala. Nambala ina imauza sitima liwiro lake lomaliza, ina mphamvu yodzukira, ina kuti izikoka liwiro pang'onopang'ono bwanji, ina kuti iziima motani. Manambalawo umawalowetsa ndi rimoti. Kabukuko kanatinso chilichonse pa kasitimako n'chochepa maulendo 87 poyerekeza ndi sitima yeniyeni, choncho liwiro nalonso liyenera kuchepa chimodzimodzi.

Loweruka lililonse ndinkatseka kontena masana n'kukwera minibasi yokwera mapiri kupita ku Namwera. Tsiku loyamba tinayeza mita imodzi pambali pa njanji n'kulemba ndi choko uku ndi uku. Ine ndinagwira wotchi ya pafoni. Kasitimako kanadutsa mitayo m'masekondi awiri. Nditawerengera ndinawauza ababa kuti ikanakhala yeniyeni, ndiye kuti ikupitirira makilomita 150 pa ola. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati yawo ija, pamalo abwino penipeni, sinkapyola makilomita makumi awiri. Ndinawerengeranso, n'kupeza kuti tikufuna masekondi 16 pa mita imodzi.

Ndinkayesa kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ndinatsitsa nambala ya liwiro lomaliza, sitima n'kuyamba kunjenjemera, kuyenda pang'ono, kuima, kudumpha. Vuto loyamba linali fumbi la fodya. Magetsi amadzera m'njanji momwemo, ndipo sitima ikamayenda pang'onopang'ono kafumbi kochepa kamaidula mphamvu. Tinkapukuta njanji ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, mateyala n'kuwapukuta ndi thonje la pakamtengo. Kenako panabwera nambala yodzukira. Ukaichepetsa sitima imangolira osasuntha, ukaiwonjezera imadzambatuka. Ndinkasintha kamodzikamodzi, kuyesa, kusinthanso.

Wotchi inali yanga koma woweruza anali ababa. Ankagwada pa thumba, chibwano pamphepete pa chitseko, diso limodzi atatsinzina. "Yadzuka msanga," ankatero. "Sitima yolemera imayamba yabuula, mabogi akokana mmodzimmodzi, kenako ndi pomwe imavomera." Ndikakonza zimenezo ankapeza china. "Waimika ngati njinga ya kabaza. Ine buleki ndinkayamba kumanga siteshoni ndisanaione." Tinkakangana, ine n'kuwauza kuti ngati akudziwa kwambiri atenge rimoti, iwo n'kumaseka kuti zala zawo n'za khasu.

M'chipinda chimenecho ndi momwe anandiuza zinthu zimene sanauzepo ngakhale achimwene. Anati ankayenda pang'onopang'ono chifukwa mitengo ya pansi pa njanji inali itawola, komanso ankaopa mabomba okwirira. Kutsogolo kwa injini ankaikako mabogi awiri a mchenga kuti chikaphulika chiyambire pamenepo. Anandiuza kuti nafenso tiike mabogi awiri kutsogolo, ndipo tinatero.

Loweruka lachinayi anandiuza za a Haji. Awa ndi bambo olemera a pamsika pathu, a sitolo yaikulu ndi malole awiri, amene anapitako ku Makka ndipo mumzikiti amakhala mzere woyamba. Aliyense kwathu amadziwa, chifukwa eni ake amanena, kuti kwawo ku Mozambique anali mkulu wa pasiteshoni. Ababa anati si choncho. Tsiku lina ali pa ulendo anaona munthu akutuluka m'tchire akuthamanga, wopanda nsapato, chiguduli chokha m'chiuno. Anathamangira sitimayo mpaka kuipeza, ababa n'kutambasula dzanja kumukokera mu injini. Munthuyo anali a Haji.

"Ukuona, mayi," anatero, akuloza kasitimako kakukwawa, "ikanakhala yothamanga, bwenzi sitolo ija kulibe. Koma zimenezi zithere muno."

Loweruka lachisanu ndi chimodzi wotchi inaonetsa masekondi 16 katatu kotsatizana. Sitima inadzuka mwaulemu, kukoka mabogi ake, kuzungulira, n'kudzaima pang'onopang'ono pa chizindikiro cha choko. Ababa anaiyang'anitsitsa ali chigwadire. Kenako anapukuta m'maso ndi chipewa chawo n'kunena kuti, "Ndi yomweyo." Anandigwira paphewa n'kuwonjeza kuti manja anga ndi odalitsika. Pobwerera m'minibasi ndinkangomwetulira ndekha ngati wopenga.

Ababa ndi amene anaganiza zoitana anzawo kuti adzaone. Anasankha Lachisanu, anthu akatuluka ku swala ya masana kumzikiti, ndipo anandipempha kuti nditseke kontena ndibwere. Kwathu mkazi sakhala pamene pakhala azibambo, koma tsiku limenelo anandiitana okha kuti ndilowe ndigwire rimoti. Munadzaza amuna pafupi khumi, mikanjo yoyera, fungo la mafuta onunkhira kusakanikirana ndi la fodya. A Haji anawaikira mpando kutsogolo, akamwini awo awiri ataima kumbuyo kwawo.

Ndinapotokola. Sitima inabuula, n'kudzuka monga tinaiphunzitsira. Mtima wanga unali m'malo. Koma isanafike n'komwe pokhota, wina anafunsa ngati batire yatha, anthu n'kuseka. A Haji anagwedeza mutu.

"Achimwene, mwakalamba mpaka kuiwala?" anatero kwa ababa. "Yathu ija inkauluka. Ine ndikaima pasiteshoni kuipatsa chizindikiro, chipewa ndinkachita kuchigwira ndi manja awiri. Iyi ndi ngolo ya ng'ombe, iyi."

Onse anatembenukira kwa ababa. Ine sindinade nkhawa ngakhale pang'ono. Ndinkawadziwa mayankhidwe awo, ndipo sindinkayembekezera kuti aulula za chiguduli zija ayi. Zikanakwana kungoti, a Haji, ine ndinali pa chiwongolero, inkayenda chonchi. Ndinayang'ana pansi kuti anthu asaone kuti ndikumwetulira.

Ababa anakonza kukhosi. "Mukunena zoona, a Haji," anatero. "Ndi mwanayu wasokoneza. Ndinamuuza kuti adikire achimwene ake, zinthu izi n'za amuna. Takweza liwiro, mayi."

 Ndinawayang'ana kuti mwina akuseka, koma maso awo anali pa mapazi a a Haji. Bambo wina anati, "Musamukalipire, wayesetsa, akatiphikire tiyi basi," ndipo anzake anasekanso. Ndikanatha kungokweza nambala imodzi, zina zonse n'kukhala momwe zinalili. Koma m'kabuku muja munalinso njira yofufutira zonse kuti sitima ibwerere mmene inachokera kufakitale. Ndinadina katatu, ntchito ya Maloweruka asanu ndi limodzi n'kutha. Kasitimako kanaliyatsa ngati tsiku loyamba lija, amuna aja n'kuwomba m'manja. A Haji anati eya, imeneyo ndiye sitima. Ndinaika rimoti pansi n'kutuluka.

Alendo atapita ababa anandipeza kuseri kwa nyumba ndikumanga chikwama. Analankhula motsitsa mawu, ngati palibe chachitika.

"Usanapite, ubwezere mmene inalili."

Ndinapitiriza kumanga chikwama changa.

"Mayi, munthu wamkulu ngati uja sumuvula pagulu. Akamwini ake anali pomwepo."

"Ndiye munaona kuti woyenera kuvulidwa ndine?"

"Iwe ndiwe wanga," anatero. "Umvetsa."

Mawu amenewo ndi amene anandipweteka kuposa a m'chipinda aja. Anandisankha chifukwa ankadziwa kuti sindingawayankhe pamaso pa anthu, ndiponso kuti ndidzabweranso. Ababa anawakokera a Haji mu injini kamodzi, n'kudzawakokeranso kachiwiri, ndipo ulendo uno wotsala pansi ndinali ine. Akanatha kunena kuti batire yafooka, kapena kuti ukalamba wawasokoneza. Pa mabodza onse amene analipo anatola lomwe lija anakhala akulitsutsa ponditeteza kwa anthu ena moyo wanga wonse. Ndinakwera njinga yamoto osatsanzika.

Papita zaka ziwiri tsopano. Kumudzi ndimapita, ndimagwada powapatsa moni, timakamba za mvula ndi za feteleza. Amayi anga amati ababa sitimayo anaiphimba ndi chiguduli cha fodya ndipo saiyatsa, chifukwa ikamathamanga chomwecho imawanyansa. Achimwene anayesa kuwalangiza pafoni ali ku Joni, zinakanika. Ababa andipemphapo kawiri, mozungulira, kuti ndikapeza nthawi ndione zija. Ndinawauza kuti nthawi ilipo, koma ayambe aitana amuna omwe aja Lachisanu, anene pamaso pawo kuti mwanayu sanalakwitse. Za a Haji asatchule chilichonse, sindikuzifuna. Mpaka lero sanaitane munthu.

Amayi amati ndine wouma mtima, ndipo mwina akunena zoona. Maso a ababa ayamba kuchita nkhungu, moti chaka chamawa mwina sadzathanso kuona ngati sitima yadzuka msanga kapena ayi. Manambala onse ndikuwakumbukira, ndipo kuwabwezera ndi ntchito ya mphindi khumi. Sabata yatha nditafika ndinapeza rimoti ili pa mpando umene ndimakonda kukhalapo, waya wake atakulungidwa bwinobwino, fumbi atalipukuta. Ababa anali pakhonde pomwepo, akunamizira kusoka thumba. Ndinaisuntha, n'kukhala pansi, n'kuwafunsa ngati chimanga chayamba kumasula.