Zilembo pa Masamba a Maapozi a Bambo

Ndikukumbukira chaka chimene masamba a maapozi athu anayamba kulembedwa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tinkakhala ku Lifidzi, kwawo kwa amayi. Bambo anali mkamwini. Anachokera ku Fonte Boa, kumene anaphunzira kumishoni, ndipo anabwera ndi mbande za maapozi n'kuzibzala kuseri kwa nyumba. Amalume, mlongo wawo wa amayi, sanakondwere nazo chiyambire. Mkamwini amabzala chimanga ndi nyemba, mbewu zongotha ndi chaka. Akabzala mtengo ndiye kuti akufuna kuzika mizu pamalo pa eni.

Mvula itayamba, pamasamba panaoneka timizere toyera, tokhotakhota ngati mwana akuphunzira kulemba. Mwezi womwewo ng'ombe ya amalume inafa. Iwo sankatha kuwerenga ngakhale dzina lawo, koma tsiku limenelo anawerenga tsamba lonse osaphonya.

"Alamu alemba dzina lawo pamunda wathu," anatero pamaso pa abale, nthambi ili m'manja. "Ndi mankhwala awa. Apinde mphasa azipita."

Bambo anangoti, "Sindinalembe ine," n'kuwerama. Amayi analira chamumtima, chifukwa mwini mbumba satsutsidwa pagulu. Abale anagwirizana kuti bambo achoke akangotha kukumba mbatatesi.

Ine tulo tinatha, chakudya osalowa. Ndinapita ndi tsamba kwa apulofesolo athu, aphunzitsi a kusukulu kwathu, kuti andiwerengere. Analitembenuza uku ndi uku, n'kuseka amvekere, "Chipwitikizi ayi, Chinyanjanso ayi." Ndinawada tsiku limenelo.

Nditabwerera ndinakhala pansi pa mtengo ndikulira, n'kukweza tsambalo kudzuwa kuti mwina ndiwerenge ndekha. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti mzere uliwonse unkayamba wowonda ngati ulusi, n'kumanenepa, ndipo kumapeto kwake kena kake kankagwedera. Ndinang'amba ndi munga. Munatuluka kamphutsi kobiriwira, kosaposa njere ya mpunga. Kankadya m'kati mwa tsamba, khungu lapamwamba ndi lapansi osalikhudza, n'kumasiya ndowe zake zakuda m'njira monsemo.

Ndinadziwa kuti amalume akaona mphutsi adzati imeneyonso yatumidwa. Ndinafuna awone mayi wake. Ndinaika masamba m'botolo, kukamwa n'kumangako kansalu. Kumunda mizere ya mbatatesi inkatha, ine ndikupempha Mulungu kuti khasu la bambo lithyoke. Timphutsi tinatuluka, tinadzikulunga ndi ulusi woyera, kenako zii. Ndinkaligwedeza botolo, ndinkalitukwana, ndinkalipepesa. M'mawa wina ndinapezamo tiagulugufe tating'onoting'ono, tonyezimira ngati ndalama yatsopano, mapiko ake aubweya m'mphepete.

Ndinathamanga osasamba n'komwe. Amalume ndinawapeza kukhola. Ndinagwada, mpweya uli m'mwamba, n'kuwapatsa botolo ndi manja awiri.

"Malume, onani amene amalemba! Si bambo ayi!"

Analiyang'ana pang'ono n'kundibwezera.

"Timeneti ndimatidziwa, mwana iwe. Timadyanso mapichesi anga chaka chilichonse. Dzuka, kasambe."

Sindinadzuke. Ndinawagwira mwendo ndikukuwa mpaka amayi anabwera kudzandinyamula. Mbatatesi zitatha, bambo anamanga bulangete ndi khasu panjinga n'kulowera ku Domwe, kumene anakakhala wonyamula matumba a ochita malonda. Mitengo ija amalume anaidula masamba asanayoyoke, ndipo nkhuni zake tinaphikira ife tomwe.

Ndakula tsopano, ndipo ndikadutsa pamtengo wa maapozi ndimatha kuuza mwiniwake chimene chikudya masamba ake ndisanathyole n'limodzi lomwe. Koma chimene ndinaphunzira kukhola kuja n'china. Ndinkayesa kuti amalume asokera, ndipo ndikawalozera njira abwerera. Iwo sanasokere. Ankafuna munda, ndipo ine ndinawapititsira gulugufe.